Dzina Limene Ndinawabweretsera Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Sitandade 7, pamene ndinawerenga buku lalikulu koyamba kuchokera pepala loyamba mpaka lomaliza. Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kupitirira Nsaru, cha njira ya ku Kabudula. Bambo anga, a Namakhwa, anali tenanti. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri, koma kumeneko malo olima anachepa, ndiye lole ya eni esiteti itabwera kudzatenga anthu, bambo anakweza amayi, ine ndi alongo anga awiri, miphika ndi mphasa, basi ulendo. Zinali zaka zoyambirira za matipate, sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere. M'mawa ndinkapita kusukulu, masana ndinkakhala m'chigafa kusoka fodya pamodzi ndi akuluakulu.

Lamulungu tinkakapemphera kumishoni, ulendo wa maola awiri wapansi. Kuseri kwa tchalitchi kunali kachipinda komwe a Sisiteri ena achikulire, ovala magalasi okhuthala, ankasungamo makatoni a mabuku ochokera kunja. Mwana wa sukulu ankaloledwa kubwereka limodzi. Anzanga ankalimbirana mabuku a zithunzi, ndipo tsiku limenelo ine ndinachedwa kulowa. Ndinapeza latsala lina lonenepa, lachingerezi, lopanda chikuto chake. Wina anali atalikutira ndi pepala la thumba la simenti, n'kumata ndi phala. Ndinalitenga chifukwa chochita manyazi kutuluka chimanjamanja, osati kuti ndinalikonda.

Chingerezi changa chinali cha m'kalasi, chongoyankhira mafunso a aphunzitsi. Mapepala oyambirira ndinalimbana nawo sabata yathunthu. Mawu ena ndinkangowadumpha, ena ndinkawapatsa tanthauzo langalanga n'kupitirira. Sindikudziwa kuti zinasinthira pati, koma tsiku lina ndinangozindikira kuti sindikuonanso mawu, ndikuona anthu.

Bukulo linkasimba za dziko limene mapiri ake amayenda. Phiri limakhala phee zaka zambirimbiri, anthu n'kumanga nyumba ndi kulima pamsana pake, kenaka tsiku lina limadzuka, kusasa fumbi, n'kuyamba ulendo osatsanzika aliyense. Mtsikana wina anatsikira kuchigwa kukatunga madzi, pobwerera anapeza phiri lakwawo lanyamuka, bambo ake ali pomwepo. Buku lonse linali ulendo wake wolondola mapazi a phirilo, maenje aakulu odzaza madzi a mvula, ena anthu atamanga kale midzi m'mbali mwake. Sizonse zimene ndinakonda. Wolembayo ankataya nthawi kutchula mafumu akale mayina ovuta, komanso ankaikamo nyimbo zazitali zimene ndinkazilumpha osamva chisoni. Koma mtsikana ujayo anandigwira mtima chifukwa sanali wolimba mtima nthawi zonse. Ankamva njala, mapazi ankachita matuza, ankakwiya ndi anthu omuthandiza, ndipo kawiri konse anaganiza zobwerera. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu wa m'buku angathe kukhala wamakani ngati ine.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Ndinkawerenga ndikuyenda kupita kusukulu, ndinkawerenga pamzere wa pamjigo mpaka ena n'kundilumpha. Nyemba zinapserera kawiri. M'kalasi ndinkangosunthasuntha pabenchi, maso ali pazenera, mpaka aphunzitsi anafunsa ngati ndili ndi nsikidzi m'diresi. Ku Nsaru dziko ndi lathyathyathya, koma panali kaphiri kena kooneka patali, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo n'kukayerekeza ndi mtengo wa bulugamu, kuona ngati kasuntha. Ndinkadziwa kuti ndi zachibwana, komabe ndinkayang'ana.

M'chigafa simungawerengedwe buku. Fodya wamuwisi amadetsa manja ndi utomoni wakuda womata, fungo lake limakhala pakhosi mpaka madzulo. Tinkakhala anthu khumi kapena kupitirira, ena kusoka masamba, ena kukweza mikangala, ija mitengo yopachikapo fodya kuti aume. Mmodzi mwa matenanti anali a Jailosi, bambo wamfupi wa ku Ntcheu, munthu woti sakanatha kuona chinthu osachiseka. Ndi amene anandifunsa tsiku lina chimene chili m'bukumo chondipangitsa kuyenda ngati woledzera. Ndinayamba kusimba. Ndinkafuna kungonena pang'ono, koma pofika nthawi yoweruka palibe amene ankalankhula china. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawerenga m'mawa ndi popuma, masana n'kudzasimba m'Chichewa pamene ndafika. Amayi ena ankamutukwana mtsikana uja akalakwitsa njira, a Jailosi ankati phiri la kwawo likanayenda akanalikwera kuthawa apongozi. Bambo anga ankakhala chakumapeto, akukweza mikangala. Sanapite kusukulu, ndipo anali munthu wa mawu ochepa. Ine ndinkaona ngati nkhaniyo sikuwakhudza.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene munthu amene sanakhalepo pa esiteti ayenera kudziwa. Kumeneko fodya wosuta sasowa, chosowa ndi pepala lopichirira. Pepala lililonse linali pangozi. Kalendala inkatha mwezi usanathe, kalata yochokera kumudzi ikawerengedwa kamodzi inkathera pamlomo pa wina. Bambo anga nawonso ankasuta chingambwe, ndipo chaka cham'mbuyo anang'amba mapepala awiri m'kope langa la masamu, poganiza kuti olembedwa kale ndi otha ntchito. Kusukulu ndinakwapulidwa chifukwa cha mapepala amenewo, ndipo sindinaiwale. N'chifukwa chake buku la mapiri ndinkalibisa mu udzu wa denga, pamwamba pa khomo. Lachisanu lina ndinalipeza palibe. Nditasakasaka ndinalipeza pa thumba la chimanga, ndipo amayi anati bambo ndi amene analisuntha chifukwa denga likudontha pamenepo. Ndinalitsegula msanga, koma nditaona kuti pamene ndinalekezera palipo, ndinazisiya.

Mawa lake, Loweruka masana, ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kuti ndimalize. Mtsikana uja analipeza phiri lakwawo litaima m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Anakwera tsiku lathunthu. Anapeza nyumba yawo ili chiimire, utsi ukutuluka padenga. Anagogoda. M'katimo munamveka mawu, koma sanali a bambo ake, akuti, takhala tikukudikira. Mawu amenewo anali pansi penipeni pa pepala. Ndinatembenuza, n'kupeza thumba la simenti.

Ndinatembenuzanso. Ndinaligwedeza bukulo, ndinabwerera m'mbuyo kuona ngati mapepala ena amatana. Kenaka ndinayang'ana kumsana kwake, ndipo ndinaona timapepala tosongoka, totsala pamene wina anang'amba. Kwathu nkhani ikayambika imasimbidwa mpaka mapeto, kaya ndi ya m'kalasi, kaya ndi ya kutchalitchi. Zoti munthu angalembe buku lonenepa chotero n'kulekezera mwana wa eni ali pakhomo, m'mutu mwanga munalibe. Mapeto analipo ndithu, wina wawachotsa, ndipo wina ameneyo ndinkamudziwa. Sindinaganize zodikira kuti bambo afike kunyumba, sindinaganize zouza amayi kaye. Ndinathamangira kuchigafa buku lili m'manja.

Ndinawapeza atakhala pa chipika akupuma, chingambwe chikufuka pakati pa zala. Sindinagwade monga mwana amachitira polankhula ndi bambo ake. Ndinaima pamaso pawo, anthu onse akuona.

"Ababa, mwasuta mapeto a buku langa."

Bambo anandiyang'ana, kenaka anayang'ana bukulo. Ndinapitiriza kunena kuti kope langa anang'amba ndinakhala chete, tsopano ang'amba buku la a Sisiteri, buku loti sangathe n'kuwerenga komwe. Mawu omalizawa ndi amene amandiwawa kwambiri ndikawakumbukira, chifukwa ndinawanena mwadala kuti awapweteke.

Woyamba kuyankha anali a Jailosi. Anayamba ndi kuseka chapansipansi, kenaka anati, "Ndiye tatiuzanitu a Namakhwa, mtsikana uja anawapeza bambo ake? Poti nkhani yonse ili m'chifuwa mwanumo." Anthu anafa nacho chiseko. Wina anati awagunde pamsana mwina mawu atuluka ndi chifuwa. Pomwepo a Jailosi anawatcha a Msutabuku, ndipo dzinalo linazungulira chigafa chonse, aliyense akulilawa. Bambo anazimitsa fodya uja ndi zala, anamuika kuseri kwa khutu, n'kudzuka kukapitiriza kukweza mikangala. Amayi anandikoka khutu mpaka kunyumba.

Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo chikanabwera bwenzi zinthu zitaphweka. Sichinabwere. Lamulungu limenelo mvula inagwa tsiku lonse, mtsinje unadzaza, kutchalitchi sitinapite. Sabata yotsatira inali yaitali kuposa ina iliyonse imene ndikuikumbukira. Bambo ankadya osandiyang'ana. Akafuna madzi ankatuma mlongo wanga, ine ndili pomwepo. Kunjako dzina linali litamera miyendo. Kapitawo poitana matenanti m'mawa ankalitchula, ana ankaliimba akamawaona akudutsa. Bambo anali munthu amene anzawo ankabwera kudzawafunsa nzeru fodya akayamba kuola, tsopano aliyense wowaona ankayamba wamwetulira.

Ndisaname, sabata imeneyo chisoni ndinali nacho chochepa. Ndinkakhulupirirabe kuti ndine wolakwiridwa. Chimene chinkandidya chinali khomo lija. Ndani anali m'nyumbamo? Bambo ake anapita kuti? Ndinkasoka fodya n'kudzibaya, ndinkayamba kusesa n'kusiya tsache pakati pa bwalo. Pepala lomaliza ndinaliwerenga mobwerezabwereza mpaka ndinaliloweza. A m'chigafa anandipempha kuti ndingopeka mapeto anga, ndinakana mwaukali. Ndinkafuna enieniwo, amene ndinkati anasanduka utsi.

Lamulungu linalo bambo anandilankhula koyamba. Anangoti nditenge bukulo. Njira yonse anali patsogolo, atavala jekete yawo imodzi yomwe ija, ine pambuyo. Misa itatha sanapite kukacheza ndi azibambo pansi pa mtengo monga ankachitira. Analunjika kukachipinda ka mabuku, anavula chipewa, anadikira ana onse atuluke. Atalowa anawauza a Sisiteri mosazungulira kuti mwana wawoyu akuti iwo ang'amba buku la mishoni, kuti iwo kuwerenga sadziwa, choncho akupempha a Sisiteri aone okha chimene chasowa.

A Sisiteri anatsegula kumapeto, anawerenga mizere yomaliza, anayamba kuseka. Atakweza maso n'kuona nkhope ya bambo, analeka. Anafotokoza kuti pa nkhaniyo palibe chasowa. Timapepala tong'ambikato tinali chikuto chakumbuyo ndi mapepala otsatsa mabuku ena, ndipo bukulo linafika m'katoni lili choncho. Kenaka anamatula mosamala thumba la simenti kutsogolo. Pansi pake panali pepala limene ndinali ndisanalionepo, lolembedwa kuti ili ndi buku loyamba. Anati olemba ena amatero, nkhani imodzi amaigawa m'mabuku angapo, ndipo amalekezera dala pokoma kuti owerenga afunefune lotsatira.

Manyazi anabwera pamodzi ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unalibenso pofikira koma kwa mzungu wosamudziwa, wokhala kutsidya kwa nyanja, amene anandiyendetsa ulendo wonsewo akudziwa kuti akandisiya pakhomo. Ndinayang'ana pansi, kudikira kuti bambo anene zimene ndinayenera kumva, a Sisiteri ali mboni. M'malo mwake anafunsa ngati lachiwirilo lilipo.

A Sisiteri anati sakudziwa, otumizawo amangolongedza zimene atopa nazo, koma tikhoza kuyang'ana. Bambo anavula jekete, anatsitsa makatoni onse amene anali pamwamba pa kabati. Tinakhuthula limodzilimodzi. Akapeza buku lonenepa lofanana msinkhu ndi lija, ankalipukuta fumbi ndi chikhatho, n'kundionetsa, n'kufunsa kuti, "Si ili?" Ena ankawagwira chozondoka. Ine ndinkapukusa mutu. Tinafika pansi pa katoni yomaliza, lachiwirilo panalibe.

Pobwerera dzuwa linali litatentha, mitambo ikusonkhana chakumadzulo. Titafika padambo bambo anaima kuti apinde buluku, ndipo ali chiweramire choncho, osandiyang'ana, analankhula.

"Kope lako lija ndinang'ambadi, Rozina, ndinalakwa. Koma ili sindikanatero. Inenso ndimafuna kumva ngati anawapeza bambo akewo."

Ndinagwada pomwepo m'njira, m'matope, ndikulira. Sindinali nditaganizapo n'kamodzi komwe kuti munthu uja wa kumapeto kwa chigafa ankamvetsera. Ine ndikafuna kudziwa zotsatira ndinkangotsegula buku. Iwo ankayenera kudikira mpaka masana a mawa, kuti mwana wawo akafike pamene wafika, ndipo sakanatha ngakhale kundifunsa pagulu. Nawonso anasiya phiri ndi makolo awo ku Phalombe. Analichotsa bukulo podontha kuti lisanyowe. Anandiuza kuti ndidzuke, anthu akubwera m'mbuyomu, ndipo anawonjezera kuti popeza ndinanenera m'chigafa, ndikakonzerenso m'chigafa momwemo.

Lolemba ndinatero. Ndinagwada pakati pa masamba a fodya, ndinanena momveka kuti ndinawanamizira bambo anga, kuti bukulo silinang'ambidwe, linangolembedwa choncho. Anthu anati ohoo. Amayi ena anayamikira kuti ndaleredwa bwino. Koma chimene chinawakhudza kwambiri n'chakuti nkhani yawo ilibe mapeto, ndipo anadandaula ngati awabera. A Jailosi anati ndiye lachiwirilo likadzabwera tidzalibise kutali, a Msutabuku asadzalione. Anthu anasekanso, ndipo bambo anamwetulira pang'ono n'kupitiriza ntchito. Ndinadzuka ndikudziwa kuti kupepesa kwanga kwathera m'chigafa momwemo.

Dzinalo silinathere pamenepo. Matenanti amasamukasamuka, ndipo lole imene imanyamula katundu imanyamulanso nkhani. Tinapita ku esiteti ina cha ku Mpingu, kenaka ina kufupi ndi Namitete, ndipo konseko tinkapeza wina amene anakhalapo ku Nsaru. Pasanathe mwezi bambo ankakhala atasandukanso a Msutabuku. Ambiri sankadziwa n'komwe chiyambi chake. Ena ankati anasuta buku la nyimbo za kutchalitchi, ena ankati chiphaso cha ukwati wawo. Poyamba ndinkakangana ndi aliyense wolitchula, kufotokoza za thumba la simenti ndi za a Sisiteri, koma kufotokozako kunali kwakutali ndipo dzinalo linali lalifupi. Patapita zaka bambo anayamba kuvomera akaitanidwa choncho. Sanandikumbutsepo nkhani imeneyi, ngakhale tsiku limene ndawakwiyitsa ndi zina.

Mabuku otsatirawo ndinadzawapeza ndili kale mphunzitsi, pa mulu wa mabuku akale ogulitsidwa pansi mu Lilongwe. Ndinawawerenga onse. Ali bwino ndithu, koma palibe limene linandisowetsa mtendere ngati loyamba lija. Nditapita kukawaona bambo ndinawasimbira zonse masana amodzi, tili pakhonde. Anamvetsera mpaka mapeto, anagwedeza mutu, n'kunena kuti wolembayo anamuzungulitsa mwana wa eni popanda chifukwa.

Bambo anamwalirira pa kamalo kamene anadzapeza cha ku Namitete komweko. Tsiku la maliro ndinali kumsewu ndikulandira anthu, pamene panafika azibambo anayi okalamba pa njinga, fumbi mpaka m'mawondo. Anali matenanti akale, ena anachokera kutali cha ku Kabudula. Wamkulu wawo anatsika, anavula chipewa, n'kundifunsa mwaulemu wonse ngati maliro a a Msutabuku ndi pano. Ndinafuna kuwauza kuti dzina lawo ndi a Namakhwa, koma nkhope zawo zinali zachisoni chenicheni, ndipo ndinaona kuti dzina limenelo sanalimvepo. Ndinati eya, ndi pano, n'kuwalozera pokhala.

Lero ndikumvetsa kuti sindinali mwana woipa, ndinali mwana wosatha kudikira, ndipo amene analipira kusadikira kwangako anali munthu wina. Anthu aja anapalasa njinga mtunda wonsewo chifukwa ankawakonda bambo anga, koma dzina lawo lenileni sankalidziwa. Dzinalo ndinawalanda bambo ndine, masana amodzi, chifukwa cholephera kufunsa ndisananene.